Chigamba cha Nsalu ya Sitela

Zaka zimenezo, mafoni a m'manja asanabwere, ine ndi malemu bambo a Feliya tinali matenanti pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Nsaru, njira yopita kwa Kabudula. Imitsani kaye makinawo atsikana inu, phokoso lachuluka, ndipo iwe Memore siya kukanda foniyo, mitundu ya nsalu suipeza m'menemo. Mumanditcha wapolisi wa zigamba, ndimamva, makutu anga sanafe, chifukwa thumba lililonse lolowa muno m'holo ndimalikhuthula n'kumafunsa kuti chigamba ichi chachokera kwa yani, nanga ichi anavala ndani. Mumayesa ndi ukalamba eti? Lero ndikuuzani, ndipo mukamva musandifunsenso.

Ife kwathu ndi ku Phalombe, tinabwera kuno pa lole ya eni esiteti tili ndi mphasa ziwiri ndi mwana kumsana, ndipo anthu a midzi yozungulira ankatitcha obwera. Sankatida ayi, koma nkhuku ikasowa m'mudzi maso ankayamba ayang'ana ku tinyumba tathu taudzu ta m'mbali mwa zigafa zoyanikira fodya. Chimene chinkatilumikiza ndi eni nthaka chinali tchalitchi basi. Kumeneko kunali sisitere wina wachikulire amene ankaphunzitsa amayi kusoka zofunda za zigamba Loweruka lililonse, pamanja, ndi singano, osati zanu zopondazi zimene mumathamangitsa ngati mwasiya mwana pamoto. Ine mlungu wonse ndinkasoka fodya, zala zili bii ndi phula, ndipo Loweruka m'mawa ndinkazikwecha ndi mchenga kuti ndikagwire nsalu.

Sisitereyo anatiphunzitsa chinthu chimene ndimakukalipirani nacho mpaka lero. Ankati chofunda chimayamba ndi nsalu imodzi yamitundumitundu, ija ya maluwa kapena ya mbalame, ndipo imeneyo ndiye mayi. Uiyale pansi, uwerenge mitundu ili m'menemo, ndipo zigamba zina zonse uzisankhe zoyankha mayiyo. Akakhala ndi kachikasu, funa chigamba chachikasu chokhachokha, akakhala ndi kobiriwira chimodzimodzi, koma zamaluwa ziwiri usazigundanitse chifukwa zimakangana. Ukayala ubwerere m'mbuyo mapazi asanu, utsinzine pang'ono, chigamba cholakwika chimadziulula chokha. Inu lero mumangothira zonse pamodzi ngati mulu wa pa kaunjika, kenaka n'kumati ndi sitayilo.

Zigamba tinkazipeza kwa atelala a m'makhonde a sitolo pa Nsaru. Iwo ankasesa zotsala n'kuponya m'thumba, ife n'kuwapatsa mbatata kapena chimanga chachiwisi. M'thumba lina lotero ndinapeza chigamba chachikulu ngati mpango wa m'manja, ndipo nditachitambasula mtima wanga unadumpha. Pansi pake panali buluu woderapo, pamwamba mbalame zachikasu zotambasula mapiko, masamba obiriwira, ndi timadontho tofiira ngati tsabola wakupsa. Nsalu yotero ndinali ndisanaioneko m'sitolo iliyonse, ndipo ndinati mayi wa chofunda changa ndi ameneyu. Ndinachiika pakati penipeni, ndipo ndinatha miyezi ndikufunafuna chikasu chofanana ndi cha mbalamezo, osati chotuwa, osati chopsa. Chobiriwira ndinadula kumsana kwa malaya akale a bambo a Feliya, ndipo anandinyanyalira masiku awiri, ati anali asanathe. M'kati ndinaikamo bulangete lakale, ndipo ndinamaliza nthawi yothyola fodya.

Tsopano mvetserani. M'mphakati wathu wa kutchalitchi munali mayi wina wa m'mudzi woyandikana ndi esiteti, aNankhoma, munthu wosalankhulalankhula, ndipo amuna awo anali aBinisoni, bambo wa njinga amene sankasowa pa msika. Chaka cham'mbuyo mwake anataya mwana wawo Sitela, namwali wamtali amene anali pafupi kumaliza pulayimale, anamwalirira ku chipatala ku Namitete. Pa malirowo ine ndinafika bokosi litakhomedwa kale. Chinzake chathu chinayamba pambuyo pake, ankandipatsa nkhwani za m'dimba mwawo, ine ndinkawasokera zigamba pa zovala za ana.

Tsiku limenelo kunacha bwino mvula itakata, ndipo ndinayanika chofunda changa pachingwe, kunena zoona kuti anthu achione, pajatu ndinali nako kamatama. ANankhoma anatulukira ndi mtolo wa nkhwani, anandipatsa moni, ndipo moniwo sanaumalize. Anaima, nkhwani zinagwa pansi, kenaka iwonso anakhala pansi pamatope pomwepo, maso ali pa mbalame zija.

"Mayi a Feliya, nsalu iyi mwaitenga kuti?"

Ndinati kwa telala pa Nsaru, m'thumba la zigamba, ndikuseka, kuyesa akuyamikira.

"Nsalu iyi pa Nsaru kulibe," anatero, mawu ali pansipansi. "Anabwera nayo mlongo wanga kuchokera ku migodi ya ku Zambia, zitenje zitatu zosadula, ndipo ndinaisunga m'sutikesi kudikira ukwati wa Sitela. Atamwalira ndinati apite nayo yonse. Bambo ake anainyamula pa njinga ili m'pepala kupita nayo ku chipatala, amayi anamukulunga nayo, ndipo ndinaiona ndi maso angawa asanakhome bokosi. Nsalu imeneyi ili pansi pa nthaka, mayi a Feliya. Yatuluka bwanji?"

Ana inu, mwina simudziwa tanthauzo la funso limenelo, poti lero mumaziseka za ufiti masana, ngakhale ndikudziwa kuti mumaziopabe. Nthawi imeneyo munthu wopezeka ndi chinthu cha m'manda analibe dzina lina. ANankhoma anadzuka osasasa matope n'kumapita. Sanakuwe, sanatukwane, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa koposa.

Dzuwa lisanapendeke nkhani inali itafika kale midzi itatu. M'mawa mwake nditapita kuchitsime amayi anachotsa ndowa zawo pamzere n'kuima patali, kundisiya nditunge ndekha, ndipo nditachoka ndinamva akutaya madzi amene anali m'chitini chotungira. Ana amene ankasewera ndi Feliya anaitanidwa mmodzimmodzi. M'chigafa anzanga omwe a ku Phalombe anasuntha mindandanda yawo ya fodya, poti aliyense ankaopa kuti akayandikira kwa ine nayenso amuwerengera momwemo. ABinisoni ankayenda ndi njinga mudzi ndi mudzi kulalika kuti obwera afukula mwana wawo, ndipo akuluakulu a m'mudzi anati Loweruka kukhale bwalo. Anyamata sankafuna n'kudikira komwe, ankati tikafukule manda tione, nsalu ikapezeka yoduka nyumba imeneyo ipse ndi zonse zili m'menemo. Si zongoopseza ayi, pa esiteti ina kufupi ndi Nambuma anali atawotcherapo kale nyumba ya nkhalamba ina, ndipo inathawa ndi chovala cha m'thupi chokha. Kapitawo wathu anangobwera pakhomo n'kunena kuti bwana safuna phokoso, zikavuta lole ilipo.

Bambo a Feliya anati tiwotche chofundacho. Ndinakana, ndinati kuwotcha ndiye kuvomera, ndipo tinakangana mpaka anandifunsa, mwamuna wanga weniweni, kuti, "Koma mayi a Feliya, unachitengadi kwa telala?" Funso limenelo linandilowa ngati munga. Pajatu anthu ankati ena amatamba osadziwa, amadzuka m'mawa ali otopa osakumbuka kumene anapita. Ndikukuuzani zoona pamaso pa Mulungu, masiku amenewo ndikadzuka ndinkayamba ndayang'ana kumapazi kwanga ngati kuli dothi lofiira, n'kununkhiza zikhadabo zanga. Korona ndinkapemphera, koma sindinkadziwa ngati ndikupempha chitetezo kapena chikhululuko.

Lachitatu ndinapinda chofunda, ndinachiika m'dengu n'kuphimba ndi masamba a nthochi, ndipo ndinayenda wapansi kupita pa Nsaru kudzera m'minda, kuopa msewu. Telala uja anali atamva kale. Atandiona anaweramira pa makina ake n'kunena kuti, "Mayi, ine ndimasoka, nkhope za anthu sindiziona." Ndinakhala pansi pakhonde pomwepo ndipo ndinati sindichoka, akadzawotcha nyumba yanga ndidzagona pano ndi mwana wanga, makasitomala anu azidzandilumpha. Ndinatambasula chofunda pamwamba pa makina ake. Telala akhoza kuiwala dzina la mkazi wake, koma nsalu saiwala, ndipo ndinaona chala chake chikutsata mapiko a mbalame zija.

"Ndinadula ndine," anatero potsiriza, akuyang'ana uku ndi uku. "ABinisoni anaima pano ndi njinga, thukuta lili kamukamu, ati akuthamangira ku chipatala, ndiwadulire chitenje chimodzi ndiwasungire. Ine sindinadziwe kuti ndi ya maliro. Patapita milungu iwiri anabwera ndi mayi wina kuti ndimuyeze bulauzi." Analoza ndi mlomo kutsidya kwa msewu, kumene kunali mbaula ndi chiwaya pansi pa mtengo. "Amakazinga zitumbuwa pamenepo, ndipo tsiku la msika ndi imene amavala. Koma kubwalo kwanuko ine sindibwera, ndipo mukanditchula ndidzakana. Ndili ndi ana."

Ndinatuluka pamenepo mkwiyo utandigwira. Munthu amene ankakuwa kwambiri kuti ndine mfiti ndi yemweyo anaba nsalu ya mtembo wa mwana wake kukakometsera chibwenzi. Koma mantha anawonjezeka, chifukwa tsopano ndinadziwa kuti akafukula manda aja nsalu aipezadi yoduka. Nanga wobwera ngati ine ndikaima pabwalo n'kuloza mwini nthaka, wopanda mboni, ndani akandimvere? Munthu mmodzi yekha akanatha kundipulumutsa, ndipo anali yemwe uja ndinamukhalitsa pamatope.

M'mawa mwake ndinawapeza aNankhoma kudimba ali okha, khasu lili m'manja. Ndinaima kutsidya kwa ngalande, maso anga ali pa khasulo, ndipo ndinati, "ANankhoma, sindikupempha kuti mundikhulupirire. Mawa ndi tsiku la msika. Tiyeni pa Nsaru, muziyenda kumbuyo kwanga, musandiyankhule, mukangoona chimene ndikakuonetseni. Mukakapanda kuona kanthu, machesi ndikuguliranitu ndine." Anangoweramanso n'kumalima.

Koma anabwera. Njira yonse ndinkamva mapazi awo kumbuyo kwanga, osayandikira, osatsalira, ndipo ndinkaopa kucheuka. Titafika pa msika ndinaima pafupi ndi ogulitsa tomato n'kuyang'ana ku mtengo uja. Mayiyo analipo, wonenepa bwino, wosekaseka, akutembenuza zitumbuwa, ndipo mbalame zachikasu zinali pachifuwa pake ndi m'mapewa monse, zitayamba kale kuthimbirira ndi mafuta. ANankhoma anandidutsa osandiyang'ana, anapita n'kugula zitumbuwa ziwiri, ndipo ndinawamva akuti, "Bulauzi yokongola, amayi. Munagula kuti?"

"Iii, imeneyi simungaipeze, ndi yakunja," anatero mayiyo akuseka. "Anandigulira abambo akunyumba, aBinisoni, mwina mukuwadziwa, a njinga aja."

ANankhoma anatambasula dzanja n'kugwira mkono wa bulauziyo, kuisisita ndi zala ziwiri monga timachitira poyesa nsalu, ndipo anati, "Ndi yolimba." Basi. Pobwerera anali patsogolo ndi iwo, zitumbuwa zili m'manja osadya, ndipo pa mphambano ya kumudzi kwawo anakhota n'kumapita. Ine ndinafika kunyumba osadziwa ngati ndapulumuka kapena ndawonjezera moto, chifukwa mkazi akhoza kusankha kukhala ndi mfiti kwa aneba kusiyana ndi kukhala nayo pa mphasa pake. Madzulo amenewo tinamanga katundu wathu m'mitolo iwiri, ndipo Feliya ndinamuveka madiresi ake onse awiri kuti tikathawa asatsale.

Loweruka anthu anadzaza pabwalo, ena atakwera pa chulu kuti aone bwino, ndipo anyamata anali kumbuyo ndi makasu awo. Chofunda changa anachiyala pakati, palibe amene anafuna kuchigwira ndi manja, anachitambasula ndi ndodo. Ndinkayang'ana chikasu chija ndinavutika nacho miyezi, chobiriwira cha malaya a bambo a Feliya, zonse zitayankhana bwinobwino, ndipo ndinadana nako kukongola kwake. ABinisoni analankhula nthawi yaitali, akulira ndi misozi yeniyeni, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti misozi imeneyo inkachokera pati. Kenaka mkulu wina anati mayi wa mwana abwere aone, anene pamaso pa anthu.

ANankhoma anagwada pa chofundacho, anayang'ana chigamba chapakati kwa nthawi imene kwa ine inali ngati chaka, ndipo anadzuka n'kunena kuti, "Si imeneyi. Ya mwana wanga mbalame zake zinali zazing'ono. Chisoni chinandiphimba m'maso tsiku lija, ndawalakwira mayi a Feliya. Manda a mwana wanga asawakhudze munthu."

Anthu anayamba kung'ung'udza, ndipo aBinisoni anadumpha. "Iwe Nankhoma, wapenga? Ndi yomweyo imeneyo, ine ndikuidziwa bwino."

"Mukuidziwa bwanji, bambo a Sitela?" anafunsa aNankhoma, osakweza mawu. "Ine ndinakupatsani ili m'pepala, yomanga ndi chingwe, ndipo m'chipinda mokulunga mtembo amuna simulowa. Kapena munaimasula panjira?"

Bamboyo anangokhala pansi. Bwalo linathera pomwepo. Anthu anabalalika akuwanena aNankhoma kuti mutu wawo sukuyenda bwino, asokoneza midzi itatu chifukwa cha kansanza, ndipo anyamata ananyamula makasu awo mokhumudwa ngati awamana nyama. Ine anachita kundidzutsa bambo a Feliya.

Musaganize kuti ndinakondwa kwathunthu. Ndinapulumuka, inde, koma ndinakwiya, chifukwa choona sichinanenedwe, ndipo alipo amayi ena amene anapitiriza kusuntha ndowa zawo mpaka tinachoka pa esiteti ija. Ndiye ana inu, mukatola chigamba chokongola musathamangire kuchiika pakati. Mitundu muiwerenge monga ndimakuphunzitsirani, koma mufunsenso mwakachetechete kuti chachokera kuti, chifukwa nsalu iliyonse inali pathupi pa munthu kapena inkadikira munthu, ndipo mwini wake akhoza kudutsa pakhomo panu tsiku limene mwayanika. Kufunsa sikuchotsa ulemu. Khalani pansi, sindinathe.

Patapita masiku atatu aNankhoma anabwera kunyumba kwanga masana, bambo a Feliya ali kumunda. Ndinawayalira mphasa koma mtima wanga unali ukadali wowawa, ndipo ndinawafunsa mosabisa chifukwa chimene sananenere zoona, amuna awo achite manyazi monga anandichititsira ine.

"Ndikananena, Sitela akanakhala nkhani ya pa mowa," anatero. "Akanamati mtsikana uja anagawana nsalu ya m'manda ndi wa zitumbuwa. Bola azinena ine kuti ndine wamisala." Kenaka anati, "Ndabwera kudzapempha kachigamba kaja. Ndi kake."

Ndinatenga lezala n'kumasula msoko pang'onopang'ono, mbali zonse zinayi, kusamala kuti ndisadule phiko ngakhale limodzi, ndipo ndinawapatsa ndi manja awiri. Anakapinda kanayi n'kukamanga pa ngodya ya chitenje chawo. Atafika pakhomo anaima, osacheuka.

"Mayi a Feliya, inu mumadziwa kuyeza nsalu. Mwana uja anali wamtali, anandipitirira ine. Pobisa nkhope ndinaona kumutu kokha, kumiyendo sindinayang'ane. Kodi zitenje ziwiri zinamukwana mpaka kumapazi?"

Ndinayeza m'mutu mwanga mofulumira, monga timachitira, utali wa mtsikana, zokulunga, zopinda kumutu ndi kumapazi, ndipo yankho ndinalipeza. Koma ndinati, "Zinakwana, aNankhoma, zinatsalako." Anagwedeza mutu n'kumapita, dzanja lili pa mfundo ya chitenje chawo. Bodza limenelo sindinakalape kwa wansembe, ndipo sindidzalapa.